Mabwana akagwirizana pa za chilengedwe, malamulo amakhwima kapena amafewa?

Weta_Sandton
Mwaswera bwanji a pagulu. Odziwa atithandize. Ku hotela komwe ndimagwira ntchito kuno ku Joni, ku South Africa, kunali msonkhano wa akuluakulu a migodi, mabanki ndi masitolo, nkhani yake kusintha kwa nyengo. Ine yanga ndi yothira tiyi, koma makutu alibe chitseko. Aliyense woimirira amati makampani agwirane manja, akalankhule ndi boma ndi pakamwa pamodzi. Funso langa ndi ili: anthu amene mafakitale awo ndi omwe akufuka utsi, akamvana n'kupita kukauza boma kalembedwe ka malamulo a utsiwo, malamulo amakhwima kapena amafewa?

Dalaivala_Park
Kkkk amwene, mwapatsa fisi ntchito ya ulonda pa khola la mbuzi, kenako mukufunsa ngati mbuzi zichuluke?

Mlembi_Braam
A Dalaivala musafulumire kuseka, funsoli ndi labwino. Poyamba dziwani kuti kuno kugwirizanako sikuchitika mobisa, kuli ndi maofesi ake. Kuli BUSA, yomwe ndi tsindwi la mabungwe a zamalonda. Kuli BLSA ya makampani akuluakulu. A migodi ali ndi Minerals Council, imene mpaka 2018 inkatchedwa Chamber of Mines. Amene amadya magetsi ambiri, monga osungunula zitsulo, ali ndi lawo la EIUG. Ndiye pa Rosebank pomwepa pali NEDLAC, komwe boma, amalonda, mabungwe a ogwira ntchito ndi oimira anthu wamba amakambirana malamulo okhudza chuma asanapite ku nyumba ya malamulo.

Tsono onani za msonkho wa kaboni, umene makampani amalipira pa utsi omwe amatulutsa. Boma linatulutsa chikalata choyamba chokambirana za msonkhowu mu 2010. Unayamba kugwira ntchito pa 1 June 2019. Zaka zonsezo kunali kukoka ndi kubweza. Utayamba, mtengo unali R120 pa tani ya utsi, koma munadzaza zochotsera, kuyambira 60 mpaka 95 pa 100 iliyonse, moti kampani inkalipira pakati pa R6 ndi R48 basi. Gawo loyamba lofewalo limayenera kutha mu 2022, analitalikitsa mpaka kumapeto kwa 2025. Mu September 2022 mabungwe a zamalonda ndatchulawa anasainira chikalata chimodzi chopempha kuti msonkho usakwere mofulumira ndipo zochotsera zisachoke msanga. M'chikalata chomwecho ankanena kuti msonkho wa kaboni akugwirizana nawo. Ndi mmene amachitira. Simudzawamva akuti ayi, amati inde koma osati panopa.

Nachisale_Rosettenville
Dikirani kaye achimwene. Panopa mtengo uli pati?

Mlembi_Braam
Mu 2025 unali R236 pa tani, ndipo ndondomeko yake ndi yoti ufike R462 mu 2030. Wopeza zochotsera zonse ankalipira pafupifupi R12 mu 2025 momwemo.

Nachisale_Rosettenville
Iiii. Ine jumbo iliyonse ya pa tilu mu 2025 munali msonkho wa 32 cents. Ndiye kuti majumbo osakwana 40 ndalipira kale zofanana ndi tani yathunthu ya utsi wa abwanawo? Ine wochapa zovala za eni ake? Ayi zikomo.

Injiniya_Kempton
Mayi Nachisale masamu anu ali bwino, koma nkhani simwaimva yonse. Ine ndimagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo. Magetsi akwera chaka ndi chaka, zitsulo zotchipa zikulowa kuchokera kunja, ng'anjo zina zazimitsidwa kale. Mukawonjezera msonkho wolemera lero lomwe, woyamba kuchotsedwa ntchito si bwana wa ku Sandton, ndi ifeyo, ndipo mlendo ndi amene amayamba kuona chipata. Makampani akamapempha nthawi si bodza lokhalokha ayi.

Komanso mukuiwala zabwino zimene kugwirizanako kunabweretsa. Kale kampani ikafuna kupanga magetsi ake opitirira megawati imodzi (1MW) imayenera kupeza laisensi, ndipo imadikira mpaka kutopa. A migodi ndi BUSA anakakamira, mu June 2021 a Ramaphosa analengeza kuti malire akwera kufika 100MW, kenako malirewo anachotsedweratu. Masola akuluakulu amene migodi ikumanga panowa achokera pamenepo. Ameneyo si utsi wochepa wapewedwa. Nanga tiziti ndi fisi ameneyonso?

Mlembi_Braam
A Injiniya mwandithandiza kunena mfundo yanga. Pa 100MW anathamanga chifukwa load shedding inkawadyera phindu tsiku ndi tsiku. Pa msonkho anakwawa chifukwa ndalama imatuluka m'thumba mwawo. Mphamvu ndi yomweyo, anthu ndi omwewo. Chilengedwe chimapindula pokhapokha njira yake ikakumana ndi njira ya ndalama.

Injiniya_Kempton
Nanga cholakwika n'chiyani pamenepo? Kampani si tchalitchi. Ndipo panopa ndalama ikukankhira komweko. Kuyambira 2026 a European Union akulipiritsa kaboni pa zitsulo, aluminiyamu, simenti ndi feteleza zolowa kwawo. Ukapanda kulipira kuno ukalipira ku Ulaya. Mudzaona okha, omwe ankakana aja ndi amene azidzapempha magetsi oyera.

Ngolo_K4
Mabwana ophunzira mwalankhula, tilankhuleko ife a m'misewu. Ine ndimakoka ngolo. Mukaona munthu pa Empire Road m'bandakucha ataimirira pa kangolo ka matayala ang'onoang'ono, chithumba chachikulu kumbuyo, akutsetsereka pakati pa ma taxi, mwina ndi ine. Timafika pa mabini galimoto ya zinyalala isanadutse. Umatsegula bini, umapisa dzanja, sudziwa chimene ukumana nacho: matewera a mwana, galasi losweka, nsima ya dzana. Ukamaliza umakakhala pansi n'kusankha. Botolo loyera la PET, pulasitiki ya mabotolo a zakumwa ija, pakepake, lobiriwira pakepake, labulauni pakepake chifukwa silidya ndalama. Makatoni, amene ku sikelo amati K4, pawokha. Pepala loyera la mu ofesi ndi limene timalimbirana. Botolo uliponde liphwatalale, apo ayi thumba ladzaza ndi mpweya. Mvula ikagwa makatoni anyowa, wa pa sikelo amadula makilo mmene wafunira.

Ndiye makampani akasonkhana amanyadira kuti dziko lino limabweza mabotolo ochuluka kuposa mayiko ena olemera. Amabweza ndani? Ndi msana wanga uwu. Tinauzidwa kuti lamulo latsopano likuti makampaniwo azitilipira kandalama kapadera pa ntchito yotola. Ndinalembetsa, anandijambula. Mpaka lero ndimangomva kwa anzanga kuti ena analandirako.

Dalaivala_Park
Ulemu wanu a Ngolo. Koma mumatiopsa pa msewu inu, ngolo yopanda mabuleki kkkk.

Ngolo_K4
Mabuleki ndi nsapato yanga amwene. N'chifukwa chake ya kumanja imatha msanga.

Anaphiri_Wadeville
A Ngolo, zimene mwanenazo ndi zoona, ndipo ofufuza a CSIR, bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi, anawerengera kuti otola ngati inu ndi amene amasonkhanitsa 80 mpaka 90 pa 100 ya mapepala ndi zopakira zimene zimakonzedwanso kuno. Ine ndimagwira ntchito mbali yolandira mabelo, ndiye ndifotokoze mmene zinayendera.

Makampani a zakumwa ndi opanga mabotolo anakhazikitsa bungwe lawo lobweza mabotolo la PETCO mu 2004, boma lisanawakakamize. Amasonkha ndalama pa tani iliyonse ya pulasitiki, ndalamazo zimathandiza mafakitale ogaya mabotolo. Chifukwa chake n'chakuti pulasitiki yatsopano imachokera ku mafuta. Mafuta akatsika mtengo pa msika wa dziko lonse, yatsopano imatchipa kuposa yogaya, ndipo popanda wothandizira fakitale imasiya kugula mabotolo akale. Mukaona mtengo wagwa pa sikelo, nthawi zambiri gwero lake ndi limenelo. Botolo la Sprite linasiya kukhala lobiriwira pa chifukwa chomwechi, loyera limagayika n'kukhalanso botolo.

Koma sikuti ankachita chifundo. Ankadziwa kuti akapanda kudzikonzera okha, boma libwera ndi msonkho. Ndipo anali ndi chitsanzo choloza: msonkho wa majumbo unayamba mu 2004 pa 3 cents, ankati uthandiza ntchito yokonzanso zinyalala, koma ndalama zimakalowa m'thumba lalikulu la boma, ndipo bungwe la Buyisa-e-Bag lomwe analikhazikitsira ntchitoyo linatsekedwa. Ndiye pamene boma linkafuna kuti ndalama za zopakira zizidzera kwa ilo, makampani anakana limodzi. Kumapeto kwa 2019 nduna ya zachilengedwe Barbara Creecy inasiya njira imeneyo, ndipo malamulo a EPR, oti wopanga katundu azisamala zinyalala za katundu wakeyo, amene anayamba mu May 2021 anasiya ndalama m'manja mwa mabungwe a makampaniwo. Mawu oti otola azilipidwa alimo ndithu. Sanalowemo okha, anawakankha ndi mabungwe a otola zinyalala, a ARO kuno ku Joni ndi a SAWPA.

Nachisale_Rosettenville
Ndiye kuti osonkha ndi iwo, osunga ndi iwo, owerengera kuti zayenda bwanji ndi iwonso?

Anaphiri_Wadeville
Malipoti amapita ku unduna ndipo mabuku amayendera akauniuni. Koma inde achemwali, thumba lili kwa iwo. Ineyo pakati pa thumba limenelo ndi la boma, ndisaname, ndisankha la makampani. La majumbo tinaliona.

Mlembi_Braam
Anaphiri, apo ndiye pamene amatipezera. Boma likalephera kamodzi, chimakhala chifukwa cha zaka 20 chonenera kuti tisiyireni tidziyang'anire tokha.

Bho_Mayfair
Pepani a pagulu kudula nkhani. Alipo akudziwa thiraki yonyamuka sabata ino yopita ku Mangochi? Ndili ndi firiji ndi mabelo awiri.

Dalaivala_Park
Ndipezeni ku inbox. Firiji ikhale yopanda gasi wotuluka, pa Mwanza amavuta.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za katundu zili ndi tsiku lake. Tibwerere ku nkhani.

Mtchona_Wakale
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mukukamba ngati makampani ayamba dzulo kugwirizana. Ife Amalawi tinafika bwanji kuno? Migodi ya golide inaona kuti ikamalimbirana antchito malipiro akwera, ndiye inagwirizana kukhala ndi khomo limodzi lolembera anthu. Ndiye Wenela imeneyo, imene pambuyo pake inadzakhala TEBA. Bambo anga anabwera pa ndege ya Wenela. Inali nthawi isanachitike ngozi ya ku Francistown ya 1974 imene inapha anyamata athu oposa 70, a Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Chifuwacho n'chimene chinawatenga.

Za fumbi la m'migodi zinkadziwika kalekale. Koma makampani asanu ndi imodzi anadzagwirizana mu 2018 kupereka chipepeso cha R5 biliyoni kwa odwala chifuwa cha fumbilo, maloya atawatengera kukhoti m'malo mwa anthu masauzande. Ndiye Tshiamiso Trust imeneyo, bungwe logawa ndalamazo. Pitani ku Riverlea kapena ku Snake Park mwezi wa August mphepo ikamaomba, muone fumbi lochokera pa mapiri achikasu a dothi lotayidwa ndi migodi aja likulowa m'nyumba, m'mbale, m'maso mwa ana. Kumadzulo uku, cha ku Krugersdorp, madzi a asidi anayamba kutumphuka m'migodi yakale mu 2002. Eni migodi ambiri anapita kalekale, migodi yosiyidwa m'dziko muno ikukwana pafupifupi 6,000, ndipo wolipira kuyeretsa madziwo ndi boma, kutanthauza inu ndi ine. Pogawana golide anali pamodzi. Pa zotsala m'mbuyo aliyense akuti sindine.

Chikondi_Cosmo
Madala pepani za bambo. Agogo anganso anali a pa TEBA, ali moyo ku Dedza koma amatsokomola kwambiri. Za Tshiamisozo Amalawi zikuwakhudza?

Mtchona_Wakale
Zikuwakhudza mwana wanga, ngati anagwira pa migodi ya golide ya makampani amenewo pakati pa 1965 ndi 2019. Afufuze kachikwama kawo ka mapepala, nambala ya pa mgodi ndi yofunika kwambiri. Ndipo asapereke ndalama kwa aliyense wonena kuti awathamangitsira, kulembetsa n'kwaulere.

WaKuNdirande
Inu mukudabwa za kuno? Kwathu komwe tinazionera. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60, mu 2015. Opanga majumbo anasonkhana n'kukatenga chiletso kukhoti. Bwalo la Supreme linagamula mu July 2019 kuti lamulo ndi lamulo. Tinaomba m'manja. Posakhalitsa kwabwera chiletso china, chitatha icho china, makampani akusinthana ngati mpikisano wopatsirana kamtengo, mpaka 2025 MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, isanayambe kugwira ntchito momasuka. Zaka 10! Mayi Gloria Majiga-Kamoto mpaka analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi nkhaniyi, majumbo akadali mbwee mu Mudi. Ndiye kuno bola amakhala pa tebulo n'kukambirana. Kwathu amangolemba loya.

Injiniya_Kempton
Apo ndiye mwandivomereza. Tebulo ndi labwino kuposa khoti.

Namwino_Germiston
A Injiniya, zimatengera amene wapatsidwa mpando pa tebulopo. Ndinagwirapo ntchito pa kiliniki ina ku eMalahleni, dera la migodi ya malasha, ndisanabwere kuno. Nyengo yozizira mzere wa ana obanika umayamba dzuwa lisanatuluke. Mayi amabwera ndi mwana kachifuwa kakulira ngati kamluzu, timamuika pa makina a nthunzi, apeza bwino, sabata yamawa wabweranso. Galimoto ukaisiya panja usiku, m'mawa umalembapo dzina ndi chala pa fumbi.

Dera limenelo boma linalilengeza mu 2007 kuti mpweya wake ndi wofunika chisamaliro chapadera. Malire a utsi anaikidwa mu 2010, mafakitale anapatsidwa zaka zokonzekera. Nthawi itakwana, Eskom, kampani ya magetsi, ndi Sasol, yopanga mafuta kuchokera ku malasha, anapempha kuti awonjezeredwe, anapatsidwa, anapemphanso. Mu 2020 malire a mpweya woipa wa sulphur dioxide pa ng'anjo za malasha anawafewetsa kuchoka pa 500 kufika pa 1,000. Amayi a pa mzere aja panalibe amene anawaitana ku Rosebank. Chinawathandiza ndi khoti lomwelo mukulinyozalo: a bungwe la zachilengedwe la groundWork ndi gulu la Vukani la ku eMalahleni anasumira boma, ndipo mu March 2022 khoti la ku Pretoria linagamula kuti mpweya wa kumeneko ukuphwanya ufulu wa anthu wa m'malamulo a dziko.

Injiniya_Kempton
Asisi, ana amenewo ndikuwamvera chisoni, nanenso ndine kholo. Koma Eskom ndi ya boma, si ya mabwana a ku Sandton. Ndipo mukanati itseke malo onse osakwanitsa malire, mu 2023 muja tinakhala mu mdima masiku oposa 300, kukanakhala bwanji? Makina anu a nthunziwo amayendera chiyani? Pitaninso ku Komati, anatseka siteshoni ya magetsi a malasha mu October 2022 ndi malonjezo a ntchito zatsopano za sola. Kafunseni amayi amene ankagulitsa chakudya pa geti kuti zinawathera bwanji.

Namwino_Germiston
Za Komati sindikutsutsa, anayamba kutseka asanakonze pogwira anthu. Koma zosefera utsi anauzidwa mu 2010. Wophunzira akapanda kuwerenga zaka 10, tsiku la mayeso asamati mayeso abwera modzidzimutsa.

Dalaivala_Park
Awiriwa apatseni chipinda chawo kkkk.

Weta_Sandton
Ndaphunzira zambiri. Koma pa msonkhano paja ena amaoneka kuti akulankhula kuchokera pansi pa mtima, makamaka achinyamata a ku mabanki. Munthu ungadziwe bwanji woona ndi wonama?

Mlembi_Braam
Ambiri a iwo sanama amwene, amakhulupiriradi. Ndipo mabungwe si ofanana. NBI, bungwe lina la makampani limene linayamba mu 1995, inachita kafukufuku wosonyeza kuti dziko lino likhoza kusiya malasha pang'onopang'ono n'kudalira dzuwa ndi mphepo, ndipo amalonda ali ndi mipando mu komishoni ya pulezidenti ya za nyengo imene inakhazikitsidwa mu 2020. Vuto lili apa: kampani imodzi imakhala membala wa mabungwe angapo. Ku bungwe lina imasainira lonjezo lokongola lothana ndi utsi pofika 2050 n'kulijambulitsa. Ku bungwe lina imalipira ndalama za umembala, bungwelo n'kulemba kalata ku Treasury, unduna wa zachuma, yopempha kuti msonkho uchedwe. Pa kalatayo dzina la kampani palibe, pali la bungwe. Ukaifunsa imati amenewo ndi maganizo a gulu.

Ndiye musamamvere za pa maikolofoni, muziona zimene bungwe lawo lalemba lamulo likamakambidwa. Kuzipeza n'kovuta chifukwa South Africa ilibe lamulo lokakamiza kuti anthu okopa boma alembetse poyera kuti anakumana ndi nduna iti, pa nkhani yanji. A Just Share a ku Cape Town amagula masheya ochepa m'makampani kuti apeze mpata wofunsa mafunso amenewa pa msonkhano wa pachaka. Onaninso lamulo la kusintha kwa nyengo limene a Ramaphosa anasaina mu July 2024. Limati makampani akuluakulu apatsidwe malire a utsi, koma silinena kuti kupyola malirewo ndi mlandu. Chilango anachisiyira ku msonkho uja wa zochotsera.

Injiniya_Kempton
A Mlembi, mabungwe a ogwira ntchito m'migodi ya malasha nawonso amapempha kuti zichedwe. Amenewonso muwaike m'gulu la fisi?

Mlembi_Braam
Fisi anatchula ndi a Dalaivala, osati ine. Amenewo akuteteza ntchito zawo ndipo amanena poyera, sasindikiza kabuku ka masamba obiriwira.

Ngolo_K4
Ine za Treasury zandipitirira. Anaphiri, kandalama kaja ndikafunse kuti? Akaunti ya ku banki ndilibe, pasipoti inatha.

Anaphiri_Wadeville
Musayende nokha achimwene, munthu mmodzi amangomuuza kuti bwera mawa. Pitani kwa a ARO, iwo safunsa kuti ndiwe wa dziko liti, ndipo nkhani ya anthu opanda akaunti amaidziwa. Chinanso, muzigulitsa pa sikelo imene imalemba makilo anu pa kompyuta kapena pa foni, chifukwa malipirowo amawerengera pa makilo olembedwa. Wa pa sikelo akamangokupatsani ndalama m'manja popanda kulemba, ndiye kuti kumabukuko inu kulibe.

Nachisale_Rosettenville
A Ngolo, kunyumba ya madamu kumatuluka mabotolo ambiri ndi makatoni a zogula pa intaneti. Ndizikuikirani bwanji kuti musamapise m'bini?

Ngolo_K4
Mulungu akudalitseni mayi. Kumeneko amayenda ndi anzathu a ku Lesotho, koma ndi amodzimodzi, apatseni. Muike m'thumba loonekera mkati, pambali pa bini osati m'kati. Makatoni muwaphwasule asanyowe. Galasi losweka mulikulunge m'nyuzipepala. Mabotolo a mafuta ophikira akhale paokha, amaipitsa enawo ndipo wa pa sikelo amatsitsa mtengo wa thumba lonse.